Onse Anabadwa pa 1 Januwale

Mateus Daka anali munthu wa cholembera. Ku Nyampande konse, ukafunsa amene amalemba bwino, anthu ankakulozera nyumba yake ya malata kuseri kwa madimba a mpiru. Dzanja limenelo analiphunzira ku Mozambique kumene anabadwira, pa sukulu ya mishoni, kwa ansembe amene ankatha kukwapula mwana chifukwa chongokhotetsa molakwika mchira wa chilembo. Nkhondo itafika kumudzi kwawo mu 1987, Mateus anawoloka malire pamodzi ndi abale ake, nakhala zaka zingapo mu msasa wa othawa nkhondo m'boma la Petauke. Nkhondo itatha ambiri anabwerera, koma iye anatsala, pakuti anali atakwatira Esnart, mkazi wachinsenga, wamfupi ndi wapakamwa. Esnart anamuuza poyera kuti sangapite kudziko kumene sadziwa ngakhale kukalipira mbuzi m'chinenero chawo.

Zipani zitachuluka ndipo boma litasiya malonda a thonje m'manja mwa makampani, kampani ina inafuna kalaliki wolemba alimi a m'deralo. Panalibe mpikisano. Kwa zaka khumi ndi zinayi Mateus ankazungulira midzi pa njinga mwezi wa Okutobala, kulemba mayina m'buku la chikuto chakuda, ndipo amene walembedwa ndiye ankalandira mbewu mvula isanagwe. Sanaphonyepo dzina la munthu, ndipo zimenezo ankazinyadira mosabisa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumayambiriro kwa Okutobala wa 2009 makalaliki onse anaitanidwa ku Nyimba, ndipo aliyense anapeza chikwama chakuda pa mpando wake. Mateus anaganiza kuti ndi mabuku atsopano. Atatsegula anapeza laputopu.

Amene anaimirira kutsogolo anali Jennipher Mumba, woyang'anira makompyuta pakampanipo, mayi wolankhula mofulumira ngati wasiya mphika pamoto.

"Chaka chino mabuku yasila," anatero, kutanthauza kuti za mabuku zatha. "Lole izanyamula mbeu ya mazina yamene yali mu laputopu chabe. Mutumize pa Chisanu chothela mwezi. Dzina likasalila, mbeu yake nayo yasalila."

Mateus anali ndi alimi 136. Anayang'ana chinthu chija, nayang'ana chala chake chokakala ndi khasu, ndipo anachita mantha. Sanaope kuchotsedwa ntchito ayi. Anaopa kuti munthu adzabwera pakhomo pake mvula itagwa, m'manja mulibe kanthu, n'kumufunsa kuti dzina langa linapita kuti.

Ntchito yoyamba inali yoika mawu achinsinsi otsegulira makinawo. Mateus sanavutike kuganiza. Anafufuza zilembo chimodzichimodzi, nalemba dzina la mkazi wake. Laputopu inakana.

"Yakamba kuti ni yaifupi," anamasulira Jennipher ataŵerama paphewa pake.

"Yamuona kuti?" anafunsa Mateus modabwa kwenikweni.

Anawonjezera zilembo ziŵiri. Inakananso, akuti mawuwo ndi ofooka.

"Esnart wofooka? Amai Mumba, iyi makina siimudziba mkazi wanga."

Holo yonse inagwa nako kuseka, ndipo Jennipher anachita kukhala pansi. Pamapeto pake anapeza mawu okhala ndi chilembo chachikulu, nambala ndi kanyenyezi, n'kuuzidwa kuti asawalembe paliponse. Amene anapanga lamulo limeneli sanakumanepo ndi munthu ngati Mateus, amene ankalemba ngakhale tsiku limene nkhuku yayamba kufungatira mazira. Ulendo wonse wobwerera pa minibasi anali kungong'ung'udza mawuwo, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anamufunsa ngati akupempherera dalaivala.

Kunyumba mavuto anayamba kubadwa ngati ana a mbira. Magetsi kunalibe, ndipo batire linkatha pa maola aŵiri, choncho m'maŵa uliwonse laputopu inkakwera njinga kupita ku golosale ya a Vitalis, amene anali ndi sola padenga. A Vitalis ankaiika pa shelefu yapamwamba pakati pa sopo ndi shuga, ndipo aliyense wodzagula mchere ankauzidwa kuti alankhule motsitsa. Kagalasi koyendetsera muvi kanakana chala cha Mateus, mwina chifukwa cha zikang'a, mpaka Jennipher anamutumizira kachipangizo kogwira m'manja, kokhala ndi chingwe ngati mchira, kamene anati dzina lake ndi mbeŵa. Esnart anakatembenuzatembenuza, nati aka n'koyamba kuona mbeŵa yopanda pogwira mano.

Netiweki nayo inali ndi malo ake amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa tchalitchi cha Katolika. Tsiku loyamba kukwera pachulupo, laputopu inangodzizimitsa yokha, n'kudzukanso ndi uthenga woti ikudzikonza, asaizimitse. Inadzikonza kwa ola lathunthu dzuŵa la Okutobala lili pamutu. Mateus anaifunditsa ambulera, iye mwini n'kumapsa, ndipo itamaliza batire linali litatha. Anatsika pachulu atakwiya, nauza Esnart kuti wapatsidwa mlendo amene amadya n'kugona osagwirako khasu.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yachiŵiri chala chinayamba kudziŵa njira. Anazindikira kuti ukalakwitsa umafufuta popanda kusiya dothi, chinthu chimene buku silinamuchitirepo. Anapezanso malo osinthira maonekedwe a zilembo, ndipo anakhala theka la batire akusankha zopendekeka zofanana ndi dzanja lake. Tsiku limene dzina loyamba linaloŵa, makina n'kuonetsa kachizindikiro kobiriŵira, Mateus anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Anasangalala ngati mwana, ndipo sanachite nazo manyazi. Pofika Lachiŵiri la sabata yomaliza, alimi onse obadwira kuno anali ataloŵa, ndipo iye anali atayamba kuyenda ndi chikwama chija paphewa ngakhale popita kudimba.

Lachitatu anayamba kulemba anzake ochokera kutsidya kwa malire, mabanja makumi anayi ndi limodzi, ambiri a iwo a mfunda wa Daka ngati iye. A Julio Daka analoŵa bwinobwino. Atalemba a Bonaventure Daka, laputopu inaonetsa zofiira: munthu ameneyu alimo kale. Anafufuta, nalembanso mosamala. Alimo kale. Anadumpha n'kuyesa ena, ndipo pofika masana anthu makumi aŵiri ndi atatu anali atakanidwa. Anakwera pachulu n'kuimbira Jennipher.

Jennipher anafufuza kwa kanthaŵi, kenaka anafotokoza. Pulogalamuyo inkazindikira munthu ndi zinthu zitatu, dzina la makolo, mudzi, ndi tsiku lobadwa. Zitatuzi zikafanana, kwa iyo ameneyo ndi munthu mmodzi.

"Koma bambo Daka, bantu banu bonse banabadwa pa 1 Januwale? Ni zoona?"

Mateus yankho ankalidziŵa. Tsiku limene anafika ku msasa kuja, mzere unali wautali, anthu ali ndi njala, ndipo olemba sankamvana nawo bwino chinenero. Akafunsa tsiku lobadwa munthu n'kuzengereza, ankangolemba 1 Januwale, chaka n'kuchiyerekeza poyang'ana nkhope. Amakwinya ofanana anapatsidwa chaka chofanana. Khadi la Mateus yemwe linali ndi tsiku lomwelo.

"Pulogalamu siningaisinthe pofika pa Chisanu," anatero Jennipher. "Koma ngati bazadziba masiku yao yeniyeni, lembani yamene ayo. Ija ya pa khadi inali yongoganizila chabe."

Anafika kunyumba nkhope itagwa. Esnart atamva nkhaniyo sanaone vuto.

"Imwe a Daka, masiku yali mbwee pa kalenda. Patsani uyu Malichi, uyu Juni, basi. Azadziba ndani?"

"Nizadziba ine. Dzanja langa silinanamepo."

"Nanga bazadya chilungamo chanu?"

Funsolo linamuŵaŵa chifukwa linali loona. Anamva chisoni, ndiponso anakwiya, poona kuti anthu amene analima nthaka imeneyi zaka makumi aŵiri akuuzidwa ndi makina kuti kulibe. Koma mutu umodzi susenza denga. Anakwera njinga n'kuzungulira makomo onse, kuwauza kuti akumane m'maŵa pansi pa mtengo wa mango pa tchalitchi.

Lachinayi anabwera onse, ngakhale amene anali ataloŵa kale, poti nkhani yokoma siifuna kuitanira. Mateus anaika laputopu pa benchi, batire lodzaza, nafotokoza zonse. A Bonaventure, amene kwawo ankatchedwa Boaventura, mkulu wamtali wa ndevu zoyera, anaimirira.

"Ati ine ndine Julio? Julio wamene mizele yake imayenda monga njoka? Iuzeni ibwele ione munda wanga!"

A Julio anayankha kuti makinawo achita bwino kusankha wokongola pa aŵiriwo. Anthu anaseka, koma kuseka kunatha msanga Mateus atafunsa ngati alipo amene akudziŵa tsiku lake lenileni. Aliyense anayang'ana mnzake. Kumudzi kwawo kunalibe wosunga masiku, ndipo mapepala a ubatizo anapsa pamodzi ndi nyumba.

Ndiye amai Lucia Daka, amene ankatsogolera nyimbo m'tchalitchimo, analankhula ali chikhalire, akusenda mtedza.

"Langa nilidziba. Disembala 13."

"Mwalidziba bwanji, amai?"

"Ni tsiku la Lucia Woyela. Apadiri ba kwathu sibanali kuvutika na mazina. Mwana akabadwa, batsegula buku, baona woyela wa tsiku ilo, ndiye dzina. Mwaibala?"

Mateus anadzimenya pamphumi. Anali ataiŵaladi. Mayi ake ankanena zimenezi ali mwana, kuti wansembe wa pa mishoni yawo ankatcha ana potsata kalendala ya oyera. Zaka zonsezi anthu ankayenda ndi masiku awo obadwa pakamwa, kuitanana nawo m'minda, osadziŵa.

Akatekisiti anathamangira m'tchalitchi n'kutuluka ndi buku lakale la mapemphero, lothothoka chikuto, lokhala ndi mndandanda wa oyera kumayambiriro. Zimene zinachitika pamenepo sunalinso msonkhano wa thonje. Akatekisiti ankatchula dzina, n'kuyendetsa chala, n'kulengeza tsiku, Mateus n'kulemba, ndipo kachizindikiro kobiriŵira kakaoneka amayi ankaimba nthungululu. A Bonaventure anapezeka pakati pa Julayi ndipo analoŵa. A Julio, ngakhale anali ataloŵa kale, anakana kutsala ndi Januwale, ndipo buku linawaika pa 12 Epulo. Apa panabuka mlandu, chifukwa kwa zaka makumi aŵiri a Bonaventure ankayamba kusamba m'manja pa chakudya monga wamkulu.

"Epulo, Meyi, Juni, Julayi," anaŵerenga a Julio pa zala, pang'onopang'ono kuti aliyense amve. "Kuyambila lelo uziniitana kuti akulu."

"Chaka banachita kuganizila!" anakuwa a Bonaventure.

"Banaganizila bwino."

Amai Natalia sanafune n'komwe buku, poti dzina lawo linkanena lokha za Khirisimasi. Ena anavuta. Bambo wina dzina lake linkangotanthauza Lamulungu, ndipo Lamulungu alipo ambiri pa chaka, mpaka mlongo wake anakumbukira kuti linali Lamulungu la kanjedza, chaka chimene mtsinje unakokolola mlatho, akatekisiti n'kuŵerengera cham'mbuyo. Mateus yemwe anapezeka pa 21 Seputembala. Esnart, amene anali wa mpingo wina ndipo anabwera kudzangoonerera, anakuwa ali kumbuyo kuti tsikulo lapita kale, nkhuku ya phwando yapulumuka. Mateus anaseka mpaka misozi, ndipo sanadziŵe bwino ngati yonse inali ya kuseka.

Dzuŵa litapendeka, ngakhale Mateus ankaizimitsa laputopu pakati pa mayina, kachithunzi ka batire kanafiira. Panatsala dzina limodzi.

Amai Pilirani Daka anali atakhala kumapeto kwa mphasa tsiku lonse osalankhula. Anali mayi wachikulire wokhala yekha, wolima ekala imodzi ya thonje loyera kuposa la wina aliyense. Iwo anabadwira kutali ndi mishoni ndipo anabatizidwa atakula, ku msasa. Dzina lawo munalibe m'buku la akatekisiti. Mayi awo ndi akulu awo onse anatsala m'njira pothaŵa, ndipo pansi pa mtengowo panalibe amene anawaona ali khanda.

Mateus anayang'ana pa makina, ndipo mtima unakhala pansi. Pa makinapo amai Pilirani ankawombana tsiku ndi amai Lucia, ndipo poti amai Lucia anali atasamukira ku Disembala, malo anali atatseguka.

"Amai, imwe palibe vuto. Januwale yasala yanu mweka. Muzangena manje manje," anatero Mateus, kutanthauza kuti aloŵa pompano.

"Musalembe."

"Amai?"

"Nakamba kuti musalembe. Bonse apa bapeza masiku yao. Ine neka nisale na tsiku la kalaliki? Ngati ni tero, mbeu yanu sungani."

Mateus anayang'ana batire, nayang'ana mayiyo. Ankawadziŵa bwino, sanali munthu wonena chinthu kaŵiri. Akatekisiti anayesa kufunsa ngati inali nthaŵi ya mvula kapena yokolola, amai Lucia anayesa kutchula mayina a midzi, koma amai Pilirani ankangopukusa mutu. Sankadziŵa, ndipo sanafune kunamizira kudziŵa.

"Nanga nilembe chani, amai?" anafunsa Mateus motsitsa mawu. Anali atasiya kufulumira.

Mayiyo anaganiza, akusalaza chitenje pa maondo.

"Lelo ni pa zingati?"

"Pa 29 Okutobala."

"Lembani lelo."

"Koma amai, simunabadwe lelo. Ine kulemba chinthu chamene si choona..."

"Nanga Januwale ni yoona? Ija anasankha muntu wamene sananiyang'ane na kumaso. Kuchokela pamene ninabadwa, palibe ananifunsapo kuti tsiku lako ni liti n'kuyembekeza yankho. Mwanifunsa imwe, lelo, pamaso pa bantu. Ndiye ni lelo."

Mateus anakhala kanthaŵi chala chili m'mwamba. Anaona kuti pa masiku onse amene analemba tsikulo, ili lokha ndi limene mwini wake analipereka ndi pakamwa pake, mboni zilipo. Anatsitsa chala, nalemba 29, nalemba Okutobala, chaka n'kusiya chomwe chija. Kachizindikiro kobiriŵira kanaoneka, ndipo pansi pake nambala inati 136.

"Mwana wabadwa!" anakuwa a Julio, n'kuponya chipewa m'mwamba.

Nthungululu zinamveka mpaka ku golosale ya a Vitalis. Amai Lucia anayambitsa nyimbo yolandirira khanda, amayi n'kuwazungulira amai Pilirani, wina kuwafunditsa chitenje, wina kufunsa ngati mwanayu wayamwa. Mateus ananyamula laputopu ili chitsegukire n'kuthamangira kuchulu, gulu lonse lili pambuyo pake likuimba. Anakwera, nadina potumizira, ndipo anthu makumi anayi anangoti duu kuyang'ana m'mwamba, kamzere kakuyenda pang'onopang'ono. Kanafika kumapeto. Uthenga unati mayina alandiridwa, ndipo patangopita kamphindi laputopu inazima yokha.

Atatsika, amai Pilirani anamugwira dzanja ndi manja aŵiri. Maso awo anali onyowa koma ankamwetulira, mano aŵiri otsala onse ali panja.

"Yangena?"

"Yangena, amai. Mbeu ibwela."

"Mbeu nayo ibwele," anatero. Kenaka anatembenukira gulu lonse n'kukweza mawu. "Chaka chamawa, tsiku monga lelo, bonse kunyumba kwanga. Nizaphika thobwa. Musakambe kuti simunadzibe, tsiku nili nalo manje."